Chipata Chamangidwa, Tsopano Pakufunika Anthu Aluso: Maphunziro ndi Kafukufuku pa Malonda a Kunja m'Boma la Mchinji

M'mwezi wa Disembala 2022, mtsogoleri wa dziko la Malawi pa nthawiyo, Dr Lazarus Chakwera, ndi mtsogoleri wa dziko la Zambia, a Hakainde Hichilema, adatsegulira chipata chatsopano cha Mchinji ndi Mwami, chomwe chidamangidwa ndi thandizo la banki ya African Development Bank. Chomwe chikusiyanitsa chipatachi ndi chakale n'chakuti galimoto imaima kamodzi kokha. Kale woyendetsa lole ankaima mbali ya Malawi kuti adinditse zikalata zotulukira, kenako n'kukaimanso mbali ya Zambia kuti ayambirenso ndi zikalata zolowera. Tsopano ogwira ntchito a mayiko awiriwa amakhala m'nyumba imodzi, ndipo zonse zimathera m'dziko limene katunduyo akulowa. Kuno ku Africa, dongosolo lotere lidayambira pa chipata cha Chirundu, pakati pa Zambia ndi Zimbabwe, m'chaka cha 2009.

Nyumba zokongola, misewu yotakasuka ndi makompyuta sizingasunthe thumba ngakhale limodzi popanda munthu wodziwa ntchito. Pamafunika wodziwa kulemba zikalata, wodziwa kupakira katundu mosapitiriza muyeso, wodziwa kuyeza ubwino wa mbewu, komanso wofufuza chomwe chikuchedwetsa malole. Boma la Mchinji lili ndi anthu oposa 600,000 malinga ndi kalembera wa 2018, ndipo ambiri mwa iwo ndi achinyamata. Ntchito zomwe chipata chimabweretsa sizidikira kuti eni dera akonzeke. Mwana wa kwa Mlonyeni kapena kwa Zulu akapanda kukhala ndi chiphaso choyenera, kampani imakatenga munthu ku Lilongwe kapena ku Blantyre, mwini dera n'kutsala akugulitsa mandasi ndi chimanga chootcha kwa oyendetsa malole.

Dziko lopanda doko

Dziko la Malawi silidagunde nyanja yamchere. Feteleza, mafuta a galimoto, mankhwala a m'chipatala ndi makina zimatsika m'sitima za pamadzi m'madoko a mayiko ena, ndipo fodya, tiyi, shuga, nandolo ndi mtedza zimatulukira komweko. Kuchokera ku Lilongwe, doko la Beira ku Mozambique lili pa mtunda wa makilomita oposa 900, la Dar es Salaam ku Tanzania oposa 1,500, pomwe la Durban ku South Africa oposa 2,000. Doko la Nacala, lomwenso lili ku Mozambique, lidalumikizidwa ndi dziko lino pa njanji m'chaka cha 1970. Mtunda wonsewu umalipiridwa ndi munthu wamba: mlimi wa ku Mkanda amaulipira pa mtengo wa thumba la feteleza, n'kudzaulipiranso pamene wogula akumutsitsira mtengo wa soya kuti apezepo ndalama ya thiransipoti.

Boma la Mchinji lili pa njira yomwe akatswiri amaitcha Nacala Corridor, yomwe cholinga chake n'kulumikiza mzinda wa Lusaka ndi doko la Nacala kudzera mu mzinda wa Chipata, Mchinji, Lilongwe ndi Liwonde. Msewu wa M12 umachokera ku Lilongwe mpaka pamalire. Njanji nayo idafika kale m'boma lino, ndipo m'chaka cha 2010 idatsegulidwa mpaka mu mzinda wa Chipata, ngakhale kuti katundu wochuluka akadayendabe pamsewu.

Akuluakulu akukumbukira zaka za m'ma 1980, pamene nkhondo ya ku Mozambique idatseka njanji za Beira ndi Nacala. Katundu wa dziko lino adayamba kuzungulira mtunda wautali kupita ku Durban, ndipo malole ena ankadutsa ku Mchinji konkuno kulowera ku Zambia ndi Zimbabwe. Mitengo ya zinthu idakwera kwambiri. Nkhondoyo idatha m'chaka cha 1992, koma namondwe wa Idai, yemwe adasakaza mzinda wa Beira mu Malichi 2019, adakumbutsa amalonda kuti njira imodzi siyodalirika. Dziko lopanda doko limafunika anthu odziwa njira zingapo, malamulo a njira iliyonse ndi mtengo wake, kuti ina ikatsekeka asinthe msanga.

Ulendo wa matumba 600

Kuti ntchito za m'gawoli zimveke bwino, n'kothandiza kulondola ulendo wa katundu mmodzi. Mwachitsanzo, kopaletivi ya alimi yapeza wogula kunja amene akufuna matani 30 a mtedza woswa. Amenewa ndi matumba 600 a makilogalamu 50, okwanira lole imodzi yaikulu.

Choyamba ndi mgwirizano wa malonda. Wogulitsa ndi wogula amayenera kumvana za amene alipire lole, amene alipire inshulansi, ndi malo amene katunduyo atasiyire kukhala m'manja mwa wogulitsa. Pa dziko lonse amalonda amatsatira malamulo otchedwa Incoterms, omwe bungwe la International Chamber of Commerce lidayamba kusindikiza m'chaka cha 1936. Omwe adatuluka mu 2020 alipo 11, ndipo lililonse limalembedwa ndi zilembo zitatu. Pa lamulo la EXW wogula amadzatenga yekha katundu pakhomo pa wogulitsa. Pa lamulo la DAP wogulitsa ndiye amasenza udindo mpaka katundu atafika pamalo omwe adagwirizana. Mlembi wa kopaletivi akasayina zilembo zitatuzi asakuzimvetsa, phindu lonse la alimi likhoza kuthera pa kulipira lole yomwe iwo ankaganiza kuti alipira wogula.

Chachiwiri ndi zikalata. Mbewu zina zimafuna chilolezo chotulutsira kunja kuchokera ku unduna wa zamalonda, motsatira lamulo la Control of Goods Act. Pamafunika chikalata cha unduna wa zamalimidwe chotsimikizira kuti mbewuyo ilibe tizilombo kapena matenda. Pamafunikanso chikalata chosonyeza dziko lomwe katundu wachokera, chomwe chimapangitsa kuti asalipitsidwe msonkho wa kasitomu m'mayiko a mgwirizano wa COMESA kapena SADC. Ku banki kumatengedwa fomu ya CD1, yomwe boma limalondolera ndalama zakunja zomwe malondawo abweretse. Wogula naye kawirikawiri amafuna umboni wa ubwino wa katundu kuchokera ku labotale yovomerezeka, monga ya bungwe la Malawi Bureau of Standards.

Chachitatu ndi kuombola katundu ku kasitomu. Ntchitoyi amagwira ndi anthu omwe pa chipata amawatcha ma clearing agent, omwe amakhala ndi chilolezo cha bungwe lotolera misonkho la Malawi Revenue Authority. Iwo amalowetsa zonse zokhudza katundu pa kompyuta kudzera mu dongosolo la ASYCUDA World. Katundu aliyense pa dziko lapansi ali ndi nambala yake m'ndandanda wa Harmonized System, womwe umayang'aniridwa ndi bungwe la World Customs Organization ku Brussels. Manambala asanu ndi limodzi oyambirira ndi ofanana m'mayiko onse otsatira ndandandawu. Mtedza wosakazinga uli pa mutu wa 12.02, soya pa 12.01, chimanga pa 10.05, ndipo mtedza wamakoko uli ndi nambala yosiyana ndi woswa. Kuphonya nambala kumabweretsa msonkho wolakwika, chindapusa, kapena kuimitsidwa kwa lole mpaka zikalata zitakonzedwa.

Chachinayi ndi ulendo weniweniwo. Opakira amayenera kugawa matumba bwino m'lole, chifukwa pa sikelo ya pamsewu amayeza kulemera kwa galimoto yonse komanso kwa ekiselo iliyonse payokha. M'chigawo chino cha Africa muyeso womwe mayiko adagwirizana ndi wakuti galimoto ndi katundu wake zisapitirire matani 56. Lole ikhoza kukhala pansi pa muyesowu koma n'kulipitsidwabe chifukwa matumba aunjikana mbali imodzi. Woyendetsa amafunika pasipoti, laisensi ya galimoto zazikulu, chilolezo choyendetsera galimoto zamalonda, ndi inshulansi yogwira ntchito kunja, monga Yellow Card ya COMESA. Ngati mtedzawo ukupita kutsidya kwa nyanja, umaikidwa m'kontena ya mafiti 20 kapena 40, ndipo kampani ya sitima imapereka masiku owerengeka aulere. Masikuwo akatha kontena isadabwezedwe, tsiku lililonse limalipiridwa m'madola.

Pa ulendo umodzi wokhawu mwapezeka mlembi wa malonda, woyeza mbewu, wa mu labotale, woombola katundu, wosunga nyumba ya katundu, woyendetsa makina onyamulira a forklift, dalaivala, makaniko, wa inshulansi ndi wa ku banki. Mmodzi mwa iwo akalakwitsa, lole imagona pa chipata. Mwini lole amawerengera masiku ogonawo, ndipo ngongoleyo imabwerera kwa mlimi.

Kumene luso limeneli limaphunziridwa

Ntchito za m'gawoli zili pa makwerero osiyanasiyana, ndipo si zonse zofuna digiri. Pa khwerero loyamba pali ntchito zamanja: umakaniko wa injini za dizilo, zamagetsi a galimoto, kuwotcherera, kukonza mafiriji a malole onyamula zinthu zosachedwa kuwonongeka. Maphunziro amenewa amayang'aniridwa ndi bungwe la TEVETA, lomwe lidakhazikitsidwa ndi lamulo la 1999. Ndalama zake zina zimachokera ku msonkho wa 1 kwacha pa 100 kwacha iliyonse ya malipiro, womwe olemba anthu ntchito amapereka. Sukulu ya ntchito zamanja ya Namitete ili pa msewu womwewu wa M12, ndipo ina ili mu mzinda wa Lilongwe. Kuyambira m'chaka cha 2015 boma lakhalanso likutsegula sukulu za ntchito zamanja za m'madera. Mnyamata amene adaphunzirira umakaniko pa galaja ya amalume ake ali ndi mwayi woyesedwa pa zomwe akudziwa kale kuti alandire chiphaso, pakuti makampani akuluakulu salemba munthu pongomva mbiri yake.

Oyendetsa malole amatenga ziphaso zawo ku nthambi ya boma yoona za pamsewu. Laisensi ya galimoto yaing'ono siyokwanira: lole yokoka ngolo imafuna laisensi ya EC, ndipo wonyamula mafuta kapena mankhwala oopsa amafunika chilolezo chapadera. Dalaivala wodutsa malire amapindulanso akadziwa kuwerenga zikalata za katundu wake ndi kulankhula chinenero cha kumene akupita. Chipwitikizi chimathandiza pa njira za Beira ndi Nacala, Chiswahili pa njira ya Dar es Salaam. Anthu a ku Mchinji ali kale ndi mwayi umodzi wobadwa nawo: chinenero chawo n'chomwecho chimene chimalankhulidwa kum'mawa kwa Zambia mpaka ku Lusaka.

Pa khwerero lachiwiri pali ntchito za zikalata: kuombola katundu, kukonza maulendo a katundu, kusunga kaundula wa m'nyumba za katundu. Apa chiphaso cha MSCE chokhala ndi Chingerezi ndi masamu ndicho chiyambi, pamodzi ndi kudziwa kompyuta. Bungwe la Malawi Revenue Authority lili ndi sukulu yake yophunzitsa za misonkho ndi kasitomu ku Blantyre. Pa dziko lonse, ziphaso zodziwika m'gawoli ndi monga za bungwe la FIATA, lomwe lidayamba mu 1926 ndipo limasonkhanitsa mabungwe a okonza maulendo a katundu, komanso za Chartered Institute of Logistics and Transport, lomwe lidayambira ku London mu 1919.

Pa khwerero lachitatu pali maphunziro a ukachenjede. Sukulu ya MUBAS ku Blantyre imaphunzitsa za malonda, kagulidwe ndi kayendetsedwe ka katundu komanso uinjiniya, pomwe ya LUANAR ku Bunda imaphunzitsa za chuma cha ulimi ndi malonda a mbewu. Kumeneku n'kumene kumachokera okambirana mapangano a malonda ndi ochita kafukufuku.

Makolo ayenera kusamala ndi sukulu zongotsegulidwa m'nyumba za lendi, zomwe zimalonjeza ntchito ya pa chipata m'miyezi iwiri. Asadalipire fizi, afunse ngati sukuluyo idalembetsedwa ku TEVETA kapena ku National Council for Higher Education, ndiponso ngati chiphaso chake chimavomerezedwa ndi olemba ntchito. Safunsa adadya phula. Mabanja ambiri amagulitsa mbuzi ndi mtedza wa chaka chonse kuti mwana aphunzire, ndipo n'zopweteka kuti pomaliza atenge pepala lopanda ntchito.

Zomwe kafukufuku waunikira

Maphunziro amapatsa munthu luso logwirira ntchito, koma kafukufuku ndiye amasonyeza pomwe pali vuto lenileni. Zitsanzo zitatu zikukhudza boma lino mwachindunji.

Choyamba ndi chuku. Kale dziko la Malawi linkagulitsa mtedza wambiri ku Ulaya, makamaka wa mtundu wa Chalimbana, koma msikawo udatayika, ndipo chimodzi mwa zifukwa zazikulu chidali poizoni wa aflatoxin, yemwe amachokera ku chuku. Poizoniyu amawononga chiwindi ndipo amatha kuyambitsa khansa. Mayiko a European Union salola mtedza wodyedwa mwachindunji kukhala ndi poizoniyu wopitirira magawo 4 pa magawo biliyoni imodzi. Kunena kwina, m'lole yonse ya matani 30 ija, poizoni wosakwana n'komwe kota ya galamu imodzi ndi wokwanira kuti katundu yense abwezedwe.

Akatswiri a pa malo ochitira kafukufuku a Chitedze, pamodzi ndi bungwe la ICRISAT, adalondola komwe chuku chimayambira. Adapeza kuti chimakula mtedza ukakumana ndi ng'amba kumapeto kwa nyengo, ukachedwa kukumbidwa, ukayanikidwa pa dothi, ukasungidwa usadaume, komanso makoko akawazidwa madzi kuti afewe poswa. Kuchokera pa zimenezi mudatuluka malangizo omwe alangizi amaphunzitsa lero: kudzala msanga, kukumba pa nthawi yake, kuumitsa mtedza pa milu yolowa mphepo, kuswa wouma, kusankha ndi kutaya njere zowola. Bungwe la IITA lidapanganso mankhwala achilengedwe otchedwa Aflasafe, omwe amawazidwa m'munda. Alimi a bungwe la MASFA, lomwe lili pansi pa NASFAM m'boma lino, adasonyeza m'zaka za m'ma 2000 kuti mtedza wa ku Mchinji ukasamalidwa ndi kuyezedwa bwino ukhoza kugulitsidwanso m'masitolo a ku Britain. Phunziro lake n'lakuti malonda a kunja amayambira pa mkeka woyanikira, osati pa chipata.

Chachiwiri ndi mtengo wa thiransipoti. Anthu ambiri amakhulupirira kuti kukwera kwa mtengowu kumachokera ku misewu yoipa basi. Kafukufuku yemwe akatswiri a World Bank adatulutsa mu 2009 wokhudza dziko la Malawi adapeza kuti misewu ndi mbali imodzi chabe. Kunyamula tani imodzi pa kilomita imodzi kuchokera kumudzi kupita pa msika wapafupi kudapezeka kuti n'kokwera mtengo kwambiri kuposa pa misewu ikuluikulu yopita kunja. Zifukwa zake ndi kuchepa kwa katundu wonyamulidwa pa ulendo umodzi, kuchepa kwa eni magalimoto opikisana, ndi kuyenda kwa galimoto yopanda kanthu mbali imodzi ya ulendo. Galimoto ikapita kumudzi ili gwa kukatenga matumba 40, mlimi amalipira ulendo wopita ndi wobwerera womwe.

Zotsatirazi zikusonyeza kuti kupala msewu wa kumudzi n'kofunika, koma pakokha sikutsitsa mtengo. Alimi akasonkhanitsa zokolola pamalo amodzi, monga pa Kamwendo, pa Kapiri kapena pa Waliranji, mpaka kudzaza lole, ndipo wina wodziwa ntchito akakonza kuti lole yobweretsa feteleza ibwerere ndi soya, mtengo wa thumba lililonse umatsika. Kulumikiza katundu wopita ndi wobwera ndi ntchito yophunziridwa, ndipo mnyamata kapena mtsikana wokhala ndi foni, kaundula wabwino ndi mbiri ya kukhulupirika akhoza kuigwira ali pa msika wa kwawo.

Chachitatu ndi nthawi yomwe katundu amatha pa chipata. Bungwe la World Customs Organization lidakonza njira yoyezera nthawiyi yotchedwa Time Release Study. Ofufuza amalemba ola lomwe lole yafika, lomwe zikalata zaperekedwa, lomwe katundu wayenderedwa, lomwe msonkho walipiridwa ndi lomwe lole yatuluka. Akatero zimaoneka poyera ngati kuchedwa kukuchokera kwa a kasitomu, kwa nthambi zina za boma, ku banki, ku vuto la magetsi ndi intaneti, kapena kwa eni katundu omwe abwera ndi zikalata zosakwanira. Pangano la bungwe la World Trade Organization lofewetsa malonda, lomwe lidayamba kugwira ntchito mu Febuluwale 2017, limalimbikitsa mayiko kuyeza ndi kulengeza nthawi imeneyi. Popanda kuyeza, aliyense amaloza chala mnzake, ndipo ndalama zimathera pokonza malo omwe sadawonongeke.

Amalonda ang'onoang'ono

Si onse odutsa pa chipata omwe ali ndi lole. Ambiri ndi amayi ndi achinyamata onyamula katundu wochepa pa minibasi, pa njinga yamoto kapena pa kabaza. Kwa iwowa mgwirizano wa COMESA, womwe pangano lake lidavomerezedwa ku Lilongwe mu Disembala 1994 ndipo likulu lake lili ku Lusaka, udakonza njira yapafupi yotchedwa Simplified Trade Regime. Mayiko a Malawi ndi Zambia adayamba kuitsatira mu 2010. Wamalonda amene katundu wake sakupitirira mtengo womwe udaikidwa, ndipo ali pa mndandanda womwe mayiko awiriwa adagwirizana, amalemba fomu yachidule pa chipata pomwepo popanda kulemba ntchito woombola katundu, ndipo salipira msonkho wa kasitomu. Misonkho ina, monga wa VAT, imalipiridwabe pa katundu yemwe lamulo likutero, ndipo ziphaso za mbewu ndi ziweto zimafunikabe.

Vuto n'lakuti ambiri sadziwa za njirayi. Poopa msonkho womwe mwina sakadalipira n'komwe, amadzera njira zachidule za m'tchire, komwe amalipira owawolotsa, amalandidwa katundu, ndipo amayi ena amachitiridwa nkhanza zomwe sangakadandaule kulikonse chifukwa iwonso adaphwanya lamulo. Maphunziro a tsiku limodzi okha, ofotokoza mndandanda wa katundu, kalembedwe ka fomu ndi ufulu wa wamalonda, akhoza kupulumutsa mpamba wa banja. Bungwe la amalonda odutsa malire la Cross Border Traders Association limathandiza pa nkhani zoterezi, ndipo wamalonda ali ndi ufulu wofunsa ofesala wa kasitomu kuti amufotokozere msonkho asadalipire, komanso wolandira lisiti ya boma pa ndalama iliyonse yomwe wapereka.

Msika ukunka nukula. Pangano la malonda la Africa yonse, la AfCFTA, lidasayinidwa ku Kigali mu Malichi 2018, ndipo malonda pansi pa panganoli adatsegulidwa pa 1 Januwale 2021. Dziko la Malawi lili nawo m'panganoli. Komabe kutsitsa msonkho kumapindulira okhawo amene angathe kutsimikizira komwe katundu wawo wachokera, kukwaniritsa muyeso wa ubwino ndi kufikitsa katundu pa tsiku lomwe adalonjeza. Khomo lomwelo likutsegukiranso katundu wa mayiko ena kulowa m'misika ya m'boma lino.

Mbali ya mawodi

Chitukuko cha boma chimayambira kumudzi. Zofuna za anthu zimakambidwa m'makomiti a chitukuko a VDC, n'kupita ku ADC ya kwa mfumu yaikulu, kenako ku khonsolo, komwe zimalowa m'ndondomeko ya chitukuko cha boma. Kawirikawiri pa misonkhano imeneyi pamatchulidwa mijigo, milatho, midadada ya sukulu ndi zipatala, zomwe n'zofunikadi. Maphunziro a luso satchulidwa kwenikweni, chifukwa saoneka ndi maso ngati mlatho. Koma chomwe sichidalembedwe m'ndondomeko n'chovuta kuchipezera ndalama, kaya za boma kaya za mabungwe.

Pali zinthu zingapo zomwe wodi iliyonse ingachite popanda kudikira thandizo lakunja. Komiti ikhoza kulemba kaundula wa achinyamata omwe ali ndi MSCE, laisensi yoyendetsera galimoto kapena luso la umakaniko lopanda chiphaso, kuti mwayi wa maphunziro ukalengezedwa mayina akhale alipo kale. Makopaletivi akhoza kusankha membala mmodzi kapena awiri oti aphunzire za zikalata ndi mapangano a malonda, mmalo modalira mavenda pa chilichonse. Akhozanso kusunga kaundula wa matumba omwe agulitsa, mtengo wa galimoto, masiku omwe katundu adatha panjira ndi chifukwa chomwe wina adabwezedwera. Kaundula wotere ndi kafukufuku kale, ndipo ndiye umboni womwe khansala angapite nawo ku khonsolo kapena kwa wogula.

Makolo ndi aphunzitsi ali ndi mbali yawo. Mwana amene wasiya sukulu ali Fomu 2 kuti azikasintha ndalama kapena kunyamula katundu pamalire amapeza ndalama yamsanga, koma wadzitsekera yekha ntchito zonse zofuna chiphaso. Masamu, Chingerezi ndi kompyuta ndizo zimasiyanitsa wonyamula thumba ndi wolemba zikalata za thumbalo. Atsikana asasiyidwe m'mbuyo: ntchito ya kasitomu, ya mu labotale, ya m'nyumba za katundu, ngakhale yoyendetsa lole, ilibe lamulo loletsa mkazi.

Ofufuza akafika m'mudzi ndi mafunso okhudza zokolola, mitengo kapena maulendo, ndi bwino kuwayankha zoona, atasonyeza kalata yowaloleza ndiponso atadzera kwa mfumu. Mayankho abodza amabala ndondomeko zolakwika. Nawonso anthu ali ndi ufulu wopempha kuti zotsatira za kafukufukuyo zidzabwerere kwa iwo m'chinenero chomwe amamva, kudzera ku ADC kapena kwa alangizi.

Amene akufuna kudziwa zambiri akhoza kufunsa ku maofesi a zamalonda, a zantchito, a achinyamata ndi a zamalimidwe a pa khonsolo, kapena kwa khansala wa wodi yawo. Mmera m'poyamba: nyengo yokambirana zofuna za midzi ikafika, nkhani ya luso la achinyamata ndi ubwino wa zokolola iyenera kulembedwa pamodzi ndi mijigo ndi milatho, kuti malole odutsa pa msewu wa M12 azinyamula katundu wa alimi a ku Mchinji, wolembedwa ndi kuyendetsedwa ndi ana a ku Mchinji.